Mulu Umene Unafuka Wopanda Moto

Taganizirani m'mawa wa nyengo yozizira, dzuwa lisanaonekere, pa msewu wa m'tauni umene uli ndi mitengo mbali zonse ziwiri. Masitolo akadali otseka. Alonda akupinda masaka amene anakhalira usiku wonse, akuwongola misana. Ana asukulu olawirira akudutsa manja ali m'khwapa. Kumapeto kwa msewu, pafupi ndi mpanda wa pokwerera mabasi, mayi wina wamfupi, wovala ovololo ya khonsolo ndi mpango kumutu, akukoka masamba ndi tsache lalitali kuposa iye mwini.

Amenewo ndiwo Mayi Tsache. Dzina lawo lenileni linatsalira ku ofesi yolembera anthu ntchito, ndipo pa msewu palibe amene ankalifunsa. Anayamba kusesa amuna awo atangomwalira, ana akadali aang'ono, ndipo tsache lomwelo ndi limene linalera anawo mpaka kukula. Ntchito ankaigwira bwino. Koma lilime lawo linali lakuthwa ngati lumo latsopano. Munthu akataya khoko la nthochi pamene asesa kale, ankamulondola mpaka pakhomo la basi, akumufunsa ngati kwawo amadyera pa dzala.

Komabe anthu ankawapirira chifukwa cha chinthu chimodzi: moto. Akamaliza kusesa ankaunjika masamba, mapepala ndi makatoni pakona pa mpanda, n'kuwaotcha. Moto umenewo unali wa msewu wonse. Alonda ankadzaotha asanapite kukagona. Anyamata a njinga zonyamula anthu ankaimika njinga zawo mozungulira. Mayi wogulitsa tiyi ankaika ketulo yake m'mphepete kuti isazizire. Woyatsa anali mmodzi yekha, mlamu wawo, mng'ono wa malemu amuna awo, mlonda wa sitolo ya zitsulo amene onse ankamutchula Chikhoti chifukwa cha jasi lake lofika m'mawondo. Machesi ankasunga ndi iye.

"Alamu, hotela yatsegulidwa?" ankafunsa motero m'mawa uliwonse.

"Yatsani, aulesi inu. Mwagona usiku wonse mukunamizira kulondera."

Ndiye tsiku lina osesa onse anaitanidwa ku holo ya khonsolo. Kutsogolo kunaima mtsikana wa ku ofesi ya zachilengedwe, wa msinkhu wa mwana wawo wotsiriza. Anafotokoza kuti utsi wa magalimoto, wa mafakitale ndi wa zinyalala zootchedwa umakwera m'mwamba n'kufunda dziko ngati bulangete, n'chifukwa chake kutentha kukuwonjezeka ndipo mvula ikubwera mosokonekera. Khonsolo inali italonjeza kuti tauni ichepetse mpweya woipa, mpaka wotsalawo ukhale woti mitengo ingathe kuumeza wonse. Nyali za mumsewu zisinthidwa zikhale zoyendera dzuwa. Magalimoto a khonsolo asamalire ataima. Ndipo zinyalala zisamaotchedwenso: masamba aziunjikidwa paokha, mapulasitiki paokha, lole izibwera kudzatenga. Wopezeka akuotcha, ntchito yatha.

Mayi Tsache anaimirira osakweza ndi mkono womwe.

"Mwati kamoto kanga ndi kamene kakuphika dziko? Nanga galimoto ya abwana imene imalira pabwalo apa m'mawa wonse, imatulutsa mafuta onunkhira?"

"Imeneyonso izizimitsidwa, amayi," anayankha mtsikanayo.

"Mukazimitse iyo kaye, mudzandipeze."

Osesa anzawo anaseka, koma kapitawo wawo sanaseke. Potuluka anawakokera pambali. "Mayi, zaka zimene zatsala kuti mupume n'zochepa. Mukachotsedwa ndi mlandu, penshoni muiwale. Ine ndanena."

Mawu amenewo ndi amene analowa. Za bulangete lakumwamba sanazikhulupirire, ndipo sanabise. Koma penshoni ankaikhulupirira, chifukwa mawondo anali atayamba kale kulankhula, ndipo sankafuna kudzatha ukalamba wawo akupempha sopo kwa apongozi.

M'mawa wotsatira Chikhoti anabwera akugwedeza bokosi la machesi.

"Alamu, tiyatse?"

"Bwezani m'thumba. Moto watha."

"Watha bwanji, masamba ndi awa?"

"Khonsolo yaletsa. Akuti mukutenthetsa dziko."

Chikhoti anayang'ana zala zake zouma ndi chisanu. "Dziko lake liti? Ine ndikunjenjemera pano. Amene akumva kutenthayo abwere adzalondere, tione."

"Kawauzeni nokha. Ofesi mukuidziwa."

"Mayi inu, a khonsolo akadali m'mabulangete. Kamoto kamodzi, tiothe, tizimitse. Aona ndani?"

"Utsi susunga chinsinsi. Chokanipo."

Kuyambira tsiku limenelo msewu unawatembenukira. Anthu anasiya kuwapatsa moni. Anyamata a njinga anawapatsa dzina latsopano, Nduna ya Mitambo, ndipo akamadutsa ankaimba belu n'kuvula zipewa monyogodola. Alonda ankataya dala mapepala pamene asesa kumene. Mayi Tsache sankasiya mawu pansi. Aliyense wowaputa ankalandira zake ndi zowonjezera, mpaka ndi makolo ake omwe ankatchulidwa.

Choipitsitsa, lole sinabwere. Akuti inali ku galaja, ikudikira chitsulo. Mayi Tsache anapita ku khonsolo kukafunsa, ndipo anauzidwa kuti adikire. Potuluka anapeza galimoto ya abwana ija ikulira pabwalo, dalaivala akusinza m'kati. Anagogoda galasi ndi mpini wa tsache.

"Zimitsa! Ine ndikutukwanidwa ndi msewu wonse chifukwa cha utsi, iwe ukuwotcha mafuta uli mtulo?"

Dalaivala anazimitsa, osati chifukwa cha lamulo, koma chifukwa cha nkhope imene anaiona pa galasi.

Mulu unakula. Unapitirira m'chiuno, unafika pachifuwa. Ogulitsa zipatso anayamba kutayirapo makoko ndi zofota zawo, akuti popeza Nduna ikusonkhanitsa, tiithandize. Mayi wa tiyi, amene makasitomala ake anathawa pamodzi ndi moto, ankakhuthulirapo madzi otsukira makapu akuwayang'ana m'maso. Mwini sitolo ya zitsulo ankadandaula kuti muluwo ubweretsa makoswe. Mayi Tsache ankangotolamo mapulasitiki monga anawauzira, akutukwana khonsolo ndi msewu mofanana, n'kuthira masamba atsopano pamwamba kuti ntchentche zisachuluke.

"Mudzaupeza ukufuka, alamu," anatero Chikhoti akudutsa. "Machesi sali ndi ine ndekha m'tauni muno."

"Mukadzayesa, mudzandidziwa."

Ndipo tsikulo linafika. Kunacha kozizira kuposa masiku onse. Mayi Tsache atakhota pakona, tsache lili paphewa, anaona utsi woyera ukukwera pamwamba pa mulu, pang'onopang'ono, ngati wa moto wobisala pansi. Zaka zonse zakusesa zinali kuthera pamenepo. Anaponya tsache, anathamangira pakhonde la sitolo ya zitsulo, n'kumugwira Chikhoti pa kolala ya jasi.

"Mwachita! Munthu wopanda manyazi inu, mwachita!"

"Ndachita chiyani? Tandisiyani, mayi!"

"Ine amene ndinadwazika mkulu wanu mpaka kumanda, inu muli kumowa, lero mukundichotsetsa ntchito chifukwa cha zala zanu?"

"Sindinayandikeko! Funsani anzangawa!"

"Anzanu ake ati? Mbava zokhazokha!"

Anthu anasonkhana. Chikhoti anatulutsa bokosi la machesi kuti alumbirire, koma Mayi Tsache analimenya, timitengo tonse n'kumwazikira mu ngalande. Kenaka analanda ndowa ya mayi wa tiyi, anathamangira pa mpope wa pokwerera mabasi, n'kudzakhuthulira madzi pa mulu. Utsi unachepa pang'ono, n'kuyambiranso. Anathiranso. Chimodzimodzi.

"Nduna, mvula yanu yachepa!" anafuula mnyamata wa njinga, anthu n'kufa nazo.

Mwini sitolo anali ataimbira kale foni kapitawo. Kapitawoyo anafika pa njinga yamoto atanyamula mtsikana wa zachilengedwe uja kumbuyo. Kapitawo anayang'ana utsi, anayang'ana Mayi Tsache atanyowa mpaka m'mawondo, n'kupukusa mutu.

"Ndinakuuzani, mayi. Lamulo silifunsa kuti wayatsa ndani. Dera ndi lanu. Tiyeni ku ofesi mukabweze ovololo."

"Ndipita," anatero Mayi Tsache. "Koma fukulani kaye. Ndikufuna ndione pamene anayatsira, ndidziwe womutemberera mpaka ndidzafe."

Kapitawo anabwereka foloko yaikulu m'sitolo ya zitsulo, anaibaya pakati pa mulu, n'kutembenuza. Utsi unatuluka wambiri, anthu anabwerera m'mbuyo. Koma lawi panalibe. Khala panalibe. Phulusa, ngakhale la m'supuni, panalibe. M'kati munali masamba akuda, onyowa, ofewa, akununkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Anafukula mpaka pansi osapeza kanthu.

Mtsikana uja anapinda mkono wa bulauzi, analowetsa dzanja, n'kulitulutsa msanga.

"Si utsi uwu, ndi nthunzi. Masamba akaunjikana n'kunyowa amaola, ndipo akamaola amatentha okha. Kukazizira chonchi, nthunziyo imaoneka. Awa akusanduka manyowa."

Pagulupo panalibe wopusa. Kungoti pa msewu umenewo mulu wa masamba unali usanagonepo. Unkapsa tsiku lomwe wasesedwa. Ndiye akanadziwira kuti? Ndipo amene anaupsereza popanda machesi anali adani a Mayi Tsache omwe, ndi makoko awo ndi madzi otsukira makapu.

"Koma muziutembenuza, amayi, mphepo izilowa," anapitiriza mtsikanayo. "Ukathinana ndi madzi ambiri utulutsa mpweya wina woipa, ndiye tikhala tangozungulira."

Wina akanathokoza kuti ntchito yapulumuka. Mayi Tsache anatola tsache lawo, anakutumula fumbi.

"Ndiye mwandiwonjezera ntchito. Nditembenuza ndi chiyani, mano? Foloko iyi ili ndi eni ake. Ndikufuna yanga, ndi wilibala. Lole yanuyo izitenga mapulasitiki okha ikadzachira. Masamba anga musawakhudze."

Foloko ndi wilibala zinabwera, ngakhale zinayenda ulendo wa kamba.

Chikhoti ndiye sanakhululuke msanga. Mayi Tsache anapita pakhonde paja, anayang'ana ngalande, n'kuti, "Pepani, alamu. Koma munanena nokha."

"Ndinanena, sindinachite. Za kumowa zija mwazinena pamaso pa anthu. Zimenezo tsache lanu silingazichotse."

Nyengo yozizira yonse inatha osalankhulana. Msewu nawonso sunasinthe mtima. Dzina la Nduna linakakamira, mayi wa tiyi anasamukira kutsidya kwa msewu, ndipo alonda akamanjenjemera m'mawa ankadziwa wowaloza chala.

Amene anabwera ndi ana asukulu. Anamva za mulu wotentha wopanda moto, ndipo ankapatukira pakona paja kudzaona okha. Kwa iwo lilime lija linkafewa, ngakhale pang'ono pokha. Ankawaimika pamzere, aang'ono patsogolo, n'kutsegula mulu ndi foloko kuti aliyense ayandikitse manja. Akatero ankawathamangitsira pa mpope kukasamba m'manja. "Fulumirani, belu silidikira. Aphunzitsi akakakufunsani, mukati munali kwa Nduna." Akuluakulu sankaloledwa. "Inu munali ndi moto wanu, munauotha mpaka unatha."

Chisanu chitabweranso, Mayi Tsache anafika m'mawa wina n'kupeza munthu atakhala pansi, msana atatsamira mulu, jasi litafika m'makutu, akuliza mkonono. Anamugwedeza phazi ndi tsache.

"Chokanipo, mukundiphwanyira manyowa."

Chikhoti anatsegula diso limodzi. "Ndikulondera, alamu. Angakuyatsireni."

"Mlonda wake inuyo? Akuba angakunyamuleni pamodzi ndi mulu womwe."

Chimenecho ndicho chinali chiyanjano chawo, ndipo sichinapitirire pamenepo.

Mpaka tsiku limene anabweza ovololo, Mayi Tsache sanavomere kuti kamoto kawo kanali kuphika dziko. Ankati khonsolo inayambira pa anthu osauka chifukwa ndi amene samatha kukana, ndipo ankanena zimenezi mokweza, ngakhale mtsikana wa zachilengedwe ali pomwepo akudzaza masaka a manyowa. Anapuma ndi penshoni yawo yonse. Mitengo imene khonsolo inabzala kuzungulira pokwerera mabasi inakula ndi manyowa a mulu wawo, ndipo pa msewu umenewo zinyalala sizinaotchedwenso.