Chinaka cha a Che Likoswe

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, ogulitsa tomato pa Nsanama. Anamva kuti a Che Likoswe, mkulu wina wopuma pantchito ya zankhalango, akufuna wothirira maluwa. Ndinaseka. Chaka cha njala chonchi, munthu n'kumalima maluwa?

Sanali maluwa wamba. Unali mtundu wa chinaka, chija timadya timizu take tonga mbatata, koma wa maluwa ofiirira, ndipo m'phiri la Chikala unali utatha ndi moto ndi makasu. Mkuluyo anapulumutsako mbewu zisanu ndi zinayi zokha, n'kuzidzala m'miphika yadothi yoboola pansi, pashedi ya udzu. Dothi tinkasakaniza lakuphiri, mchenga ndi masamba owola. Pothirira tinkagwiritsa keni ya timabowo ting'onoting'ono, madzi ake amvula okhaokha. Masamba akauma m'chilimwe, kuthirira kunkalekeka.

"Kagona kameneko, usakadzutse," ankatero.

Malipiro anga anali makaka, chinangwa choumitsa chija, ndipo kunyumba sankachedwa kutha.

Pofika Febuluwale amayi anatupa miyendo. Gaga anali atasowa, mango ophika aja atatha kalekale. Lachisanu lina masana, a Che Likoswe atapita kumzikiti, ndinatenga kakhasu. Ndinkadziwa bwinobwino kuti chinaka chikachita maluwa muzu wakale umakhala utafota, watsopano usanakule. Anandiphunzitsa okha zimenezi. Ndinakumbabe, miphika yonse, ndipo timizuto tinangodzaza dzanja limodzi. Ndinasinja n'kuphika ndi chidulo, popanda nsinjiro. Amayi anadya masupuni awiri basi.

M'mawa mwake ndinapita kukadzipereka. Ndinawapeza atakhala pansi pakati pa miphika, akutola maluwa ofota limodzilimodzi. Sanakalipe.

"Amayi ako adyako?"

"Pang'ono."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathumba ka ufa wachinangwa. "Ukanangonena, mwanangu. Unalipo dzulo umenewu."

Amayi anamwalira sabata yomweyo. Duwa lija sindinalionenso, ngakhale ndakwera Chikala kangapo kulifunafuna. Mpaka lero mtima umandiwawa, chifukwa ndinachita manyazi kupempha koma kukumba sindinachite nako manyazi, ndipo zonse ziwiri ndinataya, amayi ndi duwa lomwe.

Panopa ndimayang'anira nazale ya mitengo ku Balaka. Za dothi ndi madzi ndimaphunzitsa monga anandiphunzitsira. Koma aliyense amene ndamulemba ntchito, asanagwire keni, ndimayamba ndamufunsa ngati kunyumba agona atadya, ndipo akayankha mofulumira kwambiri ndimafunsanso kachiwiri.