Mzere wa pakhoma la nyumba ya bambo

Bambo anga anasoka zovala m'tauni zaka makumi atatu, ndipo zaka zonsezo ankangolota nyumba ya m'mbali mwa nyanja. Amayi sankafuna n'kumva komwe. Anavomera bambo atawalonjeza dimba, koma anachenjezeratu: "Dimbalo likakanika, ine ndibwerera kwa ana, inu mutsale ndi nyanja yanuyo."

Nyumbayo bambo anakaiona m'chilimwe, tepi yoyezera ili m'khosi monga mwa masiku onse. Anayeza zitseko, mawindo, mpaka chimbudzi. Kuchokera pakhonde kukafika pamadzi panali bwalo lalikulu la dothi lakuda bii. Koma chimene chinawatenga mtima ndi mzere wofiirira wozungulira khoma lonse, wolekeza m'mawondo, wowongoka ngati mpendero wa siketi.

"Amene anapenta apa ndi mmisiri weniweni," anatero bambo.

Wogulitsa nyumbayo anangotsokomola n'kuyang'ana kumwamba. Anthu ena onse a kumeneko anamanga kumtunda, ndipo bambo ankawaseka kuti sadziwa kukoma kwa kamphepo.

Atasamukira, amayi anadzala anyezi, matimati ndi kabichi, zonse n'kumera mochititsa kaso. Kenako mvula inabwera, nyanja n'kuyamba kuyenda. Bambo ankakhoma chikhomo pamene madzi alekezera, mawa lake n'kuchipeza chili pakati pa nyanja. Tepi ija inaona zakuda mwezi umenewo! Anyezi anamira, matimati anatsatira, ndipo tsiku lina m'mawa msodzi wina anadutsa ndi bwato pamwamba pa kabichi, n'kupereka moni mwaulemu wake.

Madzi ataima ndendende pamzere uja, bambo anazindikira kuti wopentayo anali ndani. Ndinali komweko sabata imeneyo, ndipo kunena zoona anandimvetsa chisoni. Anakwera patebulo la makina osokera, miyendo atapinda, kudikira kuti amayi atulutse sutikesi.

Amayi analowa akuvuula madzi, mbale zili pamutu. Anayang'ana khoma, kenako amuna awo.

"Abambo, mwangokhala? Tengani nyundo mundikhomere mashelefu m'mwambamu. Chaka chamawa sindikufuna kudzayendanso ndi mbale pamutu."

Bambo anadumphira m'madzimo ndi nsapato zomwe, kukasaka nyundo.