Mbale zimene Limbani sankabweza

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mafumu a Israyeli anandikwana. Bambo anga ankaphunzitsa Sande sukulu kumpingo wathu wa Amalawi ku South Bend, mzinda wa m'chigawo cha Indiana, ndipo chaka chimenecho anasankha za mafumu. Vuto linali lakuti phunzirolo silinkathera kutchalitchi. Ukakwiya n'kukana kudya, unali Ahabu amene anagona n'kuyang'ana kukhoma atamanidwa munda wa eni. Ukamvera anzako m'malo mwa akuluakulu, unali Rehobowamu. Tsiku lina ndinakhoza bwino masamu n'kudzitama pang'ono chabe, ndipo ndinauzidwa kuti ndayamba kufanana ndi Uziya, ndisamale khate. Khate, ku Indiana!

Koma mfumu imene inandiwonongera masiku anga a Loweruka inali Davide, mothandizana ndi mnyamata wina dzina lake Limbani.

Limbani anali mwana wa mnzawo wa bambo amene anakulira naye ku Ntcheu. Mnzawoyo atadwalika, bambo anamulonjeza pa foni kuti mwanayo adzamusamala ngati wawo, ndipo patangopita sabata mnzawoyo anamwalira. Limbani anabwera kudzaphunzira, nakhala kwathu. Chipinda chimene anapatsidwa chinali changa. Ine ndinasamukira kwa mng'ono wanga amene ankabwebweta kutulo. Chitatha chaka sukulu inamukanika Limbani, ndipo anachoka osatsanzika bwinobwino, kupita ku Indianapolis kukagwira ntchito yonyamula makatoni. Foni anasiya kuyankha.

Munthu wina akanangoti ndayesetsa, basi. Osati bambo anga. Loweruka lililonse limene analibe shifiti kuchipatala, ankandikweza m'galimoto, ulendo wa maola oposa awiri pakati pa minda ya chimanga yosatha. Ankati tikukagula ufa ndi usipa kusitolo ina ya pa Lafayette Road ku Indianapolis komweko. Ufawo tinkaguladi, koma kumbuyo kwa galimoto kunkakhala mbale za amayi zapulasitiki zovundikira, muli mpunga, nyemba ndi nkhuku, zonse za Limbani.

Tikafika pamene ankakhala, m'kanjira konunkha kapeti yonyowa ndi anyezi wa anthu ena, bambo ankaima pakhomo pake n'kumawomba m'manja pang'onopang'ono. "Odi! Odi kuno!" Belu linalipo, koma iwo ankati mwana wa mnzako sumuimbira belu ngati wabwera kudzadula magetsi. Oyandikana naye ankasuzumira, ine n'kungoti zyoli ndi manyazi. Chitseko sichinkatsegulidwa. Tinkasiya mbalezo pansi n'kumapita, ndipo ulendo wotsatira tinkapeza palibe.

Amayi anali atatopa nazo kuposa ine. Iwo mbale ankazilemekeza. Mayi wina wa kumpingo akatipatsa ndiwo, mbale yake sinkabwerera yopanda kanthu. Ankaikamo mandasi, mtedza, ngakhale tomato, ati ndi mmene anthu amachitira kwathu. Ndiye za Limbanizi zinkawawawa kwambiri.

"Bambo a Tadala, makabati anga atha," anatero tsiku lina. "Kodi mwana wanuyu akumadya ndi mbale zomwe?"

Yankho la bambo ndinkalimva ine m'galimoto, ulendo uliwonse, lomwelomwelo. Davide atakhala mfumu anafufuza ngati kunatsala aliyense wa banja la mnzake Yonatani, napeza mwana wolumala dzina lake Mefiboseti, namuika kuti azidya patebulo lake moyo wake wonse. Nkhani imeneyi ndinaimva mpaka ndinkadziwa pamene bambo atsokomole.

Ndiye unafika mwezi wa Meyi. Mnzanga wa kusukulu, Kayla, anandiuza kuti makolo ake ali ndi tikiti yotsala yokaonera magalimoto ampikisano kubwalo la Speedway ku Indianapolis, Loweruka lina loyeserera liwiro. Kunali koyamba kuti mnzanga aliyense andiitanire kwina kulikonse kosakhala kutchalitchi. Iwo anatsogola Lachisanu kukagona kwa abale awo, ndipo tinapangana kuti akandidikira pageti mpaka masana. Bambo anavomera mosavuta, n'kuwonjezera kuti ndi pafupi ndi kwa Limbani, tingodutsa kaye pang'ono. Ndikanadziwa, ndikanaopa mawu akuti pang'onowo.

Tinafika bwino, nthawi ilipo. Bambo anayamba odi wawo. Kuchokera m'kanjira muja, magalimoto ankamveka kutali, kulira ngati njuchi zolusa, ndipo mtima wanga unkathamanga nawo. Bambo anawomba m'manja, nadikira. Anawombanso. Kenako anatsamira khoma n'kunena kuti lero akumva mumtima kuti mwanayu ali momwemo, tidikire. Foni yawo inalira kawiri m'thumba, anali mayi ake a Kayla, ndipo iwo anangoyankha kuti tili m'njira. Tinali m'njira yanji, titaima ngati mitengo pakhomo la munthu wosatifuna?

Pamenepo ndinapsa mtima. Masiku amenewo makolo akandilankhula Chichewa ndinkayankha Chingerezi, koma tsiku limenelo Chichewa chinatuluka chokha, chopindikapindika.

"Adadi, nkhani yanu ija siikugwirizana! Mefiboseti anangoitanidwa kamodzi n'kubwera, mpaka anagwada. Uyu satsegula, sathokoza, mbale za amami sabweza. Davide akanakhala inuyo akanasiya kalekale!"

Ndinayembekezera kumva kuti ndine mfumu ina yoipa. Koma bambo anandiyang'ana ndi maso otopa amene ndinali ndisanawaonepo.

"Tadala, Davide sanalonjeze Mefiboseti. Analonjeza Yonatani. Inenso sindinalonjeze Limbani. Amene angandiuze kuti basi, wakwanitsa, ali kumanda ku Ntcheu. Ndikamufunsa bwanji?"

Mawu amenewa anangondikwiyitsa kwambiri. Ndinatembenukira chitseko chija n'kuyamba kuchimenya ndi zibakera zonse ziwiri. Ulemu wonse umene anandiphunzitsa ndinauiwala.

"Achimwene! Tikudziwa muli momwemo! Ngati simutifuna, tipatseni mbale za amami tizipita! Mukundiphonyetsa zinthu!"

Bambo anandigwira paphewa kuti ndileke, koma loko anali atalira kale.

Limbani amene anatsegula chitseko sanali uja anandilanda chipinda. Anali ataonda, malaya akulendewera m'mapewa, tsitsi losapesa. M'nyumbamo munali matiresi pansi ndi mpando umodzi, basi. Koma m'mbali mwa khoma munali mbale za amayi, zonse, zotsukidwa bwino, zosanjikizidwa malinga ndi kukula kwake, zivundikiro zili pambali pake. Mulu waukulu unkandifika m'chiuno.

Sanatiyang'ane kumaso. Ananena motsitsa mawu kuti ntchito anamuchepetsera masiku kuyambira nthawi yozizira, ndipo chimene ankadya chenicheni ndi chomwe tinkasiya pakhomocho. Odi aliyense wa bambo ankamumva, ataima kuseri kwa chitseko.

"Ankolo, ndinkati ndikapeza kanthu ndidzagule ngakhale shuga ndiikemo, ndibwere nazo ndekha kunyumba. Ndikanawabwezera bwanji anti mbale zopanda kanthu? Sukulu ndakanika, ndiye ndibwerenso chimanjamanja? Mbale zikamachuluka, manyazinso ankachuluka."

Ndinaima pamenepo manja akuwawa. Miyezi yonse ija ife tinkati ndi wamwano, pamene iye ankasunga mwambo womwewo wa amayi, mpaka kutsala pang'ono kufa nawo ndi njala. Kunena zoona, ngakhale chisoni chinandigwira, ndinkafunabe kumugwedeza. Munthu wamkulu kubisala chifukwa cha mbale zapulasitiki!

Bambo sanalalikire, ndipo ichi chinali chodabwitsa cha tsikulo. Anawerama, natola mulu umodzi n'kumupatsa Limbani m'manja, wina n'kundipatsa ine.

"Tenga jekete lako," anatero. "Mbalezi sizikubwerera zopanda kanthu. Zikubwerera ndi iwe."

Pamene tinkamaliza kulongedza tinthu take tochepato, masana anali atapita. Tinadutsa pafupi ndi Speedway, ndinaona mipanda ndi anthu ovala zipewa, ndipo phokoso lija linatiperekeza mpaka titatuluka mumzinda. Ndinalira mwakachetechete, nkhope ili kuwindo ngati Ahabu weniweni, ndipo palibe ananditchula dzina la mfumu. Kayla sanandiitanenso. Titafika kunyumba amayi anatsegula chitseko, anayang'ana mbale, anayang'ana Limbani, n'kumukumbatira mbale zili m'manja mpaka zivundikiro kumwazika pansi. Madzulo ake ndinamva zimene ndinkaziopa: chipinda changa chapitanso.

Lero ndine namwino, ndimakhala ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis, ndipo ndimakumana ndi odwala amene amakana thandizo mwaukali. Ndinaphunzira kusafulumira kuwatcha amwano, chifukwa kawirikawiri kuseri kwa chitseko chotseka kumakhala munthu wamanyazi amene akumva odi aliyense. Ndinamvetsanso zimene bambo ankatanthauza. Ndili mwana ndinkayesa kuti kukhulupirika n'kubwezerana, iwe undichitire bwino, ine ndikuchitire bwino. Bambo ankasunga mawu amene anapereka kwa munthu amene sakanathanso kuwathokoza kapena kuwadzudzula, ndipo ankawasunga pa masiku amene sizinkaoneka zanzeru n'komwe. Sindinganame kuti ndinawakhululukira msanga za Speedway. Zinanditengera zaka, ndipo mpaka pano ndikamva magalimoto aja mwezi wa Meyi, ndimatseka mawindo.

Limbani anabwerera kusukulu, anamaliza, ndipo pano ali ndi banja ku Indianapolis konkuno. Maso a bambo anayamba kuvuta, anasiya kuyendetsa galimoto. Loweruka lililonse limene alibe ntchito, Limbani amayenda msewu womwe uja chobwerera, kupita ku South Bend. Akafika saimba belu. Amaima pakhomo n'kuwomba m'manja, ndipo bambo amadzuka okha kukatsegula.

Amayi akudandaulabe za mbale. Dzulo anandiimbira foni ati Limbani wabweranso nazo zodzaza, makabati sakutsekeka, ndimuuze asiye. Ndawauza kuti amuuze okha, ine za mafumu ndinatopa nazo kalekale.