Njinga ya ku Chikamveka

Amuna anga anagwa m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato. Ine ndinali panja ndikutsuka mbale, ndinangomva mpando ukugubuduzika. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Pamene ankatitulutsa, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, ndipo mawu ankatuluka movutikira ngati a munthu amene wavumata madzi.

Bambo amenewa anagwira ntchito ya zankhalango pa phiri la Zomba kuyambira ali mnyamata mpaka kupuma. Ankadzala paini, kulambula njira zotchinga moto, kuthamangitsana ndi ootcha makala. Nsapato sizinkawakhalitsa. Koma tsopano kuti afike pakhonde pokha tinkachita kuwanyamula awiri, ine ndi mng'ono wawo. Mlamu wangayo akapita kuntchito, ine n'kupitanso kuntchito kwanga, iwo ankatsala chogona m'chipinda, maso kudenga, mayi woyandikana nafe nyumba ku Matawale kuno akumawasuzumira.

Ine ndimagulitsa nsalu m'sitolo ya amwenye ena m'tauni. Mnzanga wa pantchito ndi amene anandiuza kuti ndisavutike n'kuzungulira, ndilowe m'gulu la malonda la pa foni, mwina ndingapezemo njinga ya olumala, ija amati wilutcheya, yogwirapo kale ntchito. Anandilowetsa yekha. M'gulumo munali chilichonse: mafiriji, nkhunda, nsapato za kaunjika, mabedi a ana a sukulu amene amaliza maphunziro ndipo akubwerera kwawo.

Gululo linali ndi lamulo lake. Malonda akatha, wogula ndi wogulitsa aliyense ankayenera kulemba ndemanga pagulu, kunena mmene mnzakeyo wachitira, kuti ena adziwe munthu wokhulupirika ndi wakuba. Ndemanga ikalembedwa sinkafufutidwa. Vuto linali lakuti lamulolo silinanene woyamba ndani, ndiye mkangano wake sunkatha. Ogulitsa ankati ayambe wogula, chifukwa ndiye walandira katundu n'kumuona. Ogula ankati ayi, ife mbali yathu timathana nayo pomwe talipira, ayambe wogulitsa. Chenicheni chinali mantha. Aliyense ankaopa kutamanda mnzake, mnzakeyo n'kubwera pambuyo kudzamunyoza pagulu, iye alibenso poyankhira.

Ndikaweruka ndinkawawerengera abambo mikangano imeneyi kuti aseke. Tsiku lina anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere kuti ndisiye kaye kuwerenga. Zinawatengera nthawi kuti mawu atuluke, koma ndinawamva.

"Mlendo amayamba odi. Mwini nyumba amayamba moni. Nanga awa akulimbirana chiyani?"

Tinaseka mpaka iwo anatsamwa.

Njinga inapezeka. Anaiika pagulu mayi wina wa ku Chikamveka amene dzina lake linali lachilendo m'gulumo. Ndinawaimbira, tinapangana Loweruka.

Ndinapeza mayi wa msinkhu wanga, woonda, wolankhula motsitsa. Njingayo anali ataitulutsa kale pabwalo, ataitsuka mpaka masipoko. Pokhalira panali kapilo kosokedwa ndi chitenje cha maluwa achikasu. Potsamira mkono wakumanzere chikopa chinali chitanyotsoka.

"Apa mundikhululukire," anatero. "Mwana wanga ankakonda kutokosapo ndi chala akamaonera anzake akusewera."

Ndinafunsa ngati mwanayo wayamba kuyenda. Anapukusa mutu.

"Anatisiya chaka chatha. Anagundidwa ndi galimoto akuchokera kusukulu, msana unathyoka. Anakhalapo pa njingayi zaka zingapo, kenako chifuwa chinamutenga. Ndakuuziranitu dala, chifukwa ena safuna katundu wa malemu."

Ndinati ine ndikuifuna. Anandionetsa popindira, pomangira mabuleki, ndi mmene umapondera kumbuyo kuti matayala akutsogolo akwere pa sitepe. Sitinanenerere mtengo. Anaikankha okha mpaka kumsewu, ndipo wa njinga yamoto amene anadzanditenga ataimanga kumbuyo, iwo anamasula chingwecho n'kumanganso okha. Kenako anaima pambali manja ali m'chitenje. Titakhota pakona ndinacheuka, anali chiimire pompo.

Ndisanafike n'kunyumba komwe, foni inalira m'chikwama. Anali atalemba kale pagulu: "Amayi amene agula njinga ndi munthu waulemu, wosunga nthawi, wosavuta. Gulitsanani nawo mopanda mantha. Mulungu awachize abambo akunyumba kwawo."

Pansi pake anthu anayamba kuwaseka. Wina anati, "Achemwali, ndinu atsopano eti? Apa sitiyamba ife." Wina anati adzalira tsiku lina. Ine ndinalembako zikomo kumbali, kwa iwo okha, n'kuwauza kuti ndemanga yanga ndilemba abambo akaiyesa njingayo, kuti ndidzanene zoona zake. Anayankha kuti palibe chothamangira.

Abambo anaikana njingayo. Anaiyang'ana kamodzi, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Inakhala pabalaza yopindidwa, ife tikuilambalala. Mlamu wanga analankhula nawo, abusa analankhula nawo, koma ayi. Chimene chinawasintha maganizo chinali kapilo kaja. Tsiku lina anafunsa kuti wasoka ndani, ndipo ndinawafotokozera zonse za mwana wamkazi wa mayi a ku Chikamveka aja. M'mawa mwake anati tiwakhazikepo.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkawakankhira pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, pamene phiri limaoneka lonse. Anthu odutsa ankaima kucheza nawo. Anayamba kudya bwino. Anayambanso kundikalipira ndikathira shuga wochepa mu tiyi, ndipo ine ndinkasangalala ndi kukalipako kuposa mmene ndingafotokozere. Za ndemanga ndinkazikumbukira, koma iwo anati ndidikire.

"Njinga sinayesedwe," anatero. "Ikakwere phiri kaye."

Ndinkaganiza kuti n'zocheza. Koma anazinena kawirikawiri mpaka ndinazitchula kuntchito, ndipo mwini sitolo anamva. Ndi bambo wachikulire wosakonda kulankhula. Lachisanu lina atabwera kuchokera kumzikiti anandiitana n'kunena kuti Lamlungu pikapu ya sitolo ilibe ntchito, dalaivala adzatitenga tikatuluka m'tchalitchi.

Tinakwera nyengo yotentha, mvula isanayambe. Abambo anakhala kutsogolo, ine ndi mlamu kumbuyo titagwirira njinga. Msewu uja wokhotakhota ndinali nditauiwala. Tinkapatukirana ndi azibambo otsika ndi njinga zodzaza nkhuni, ndipo pamakona anyamata ankatithamangira ndi timbale ta mabulosi ndi masitiroberi. Tinaima pafupi ndi damu la Mulunguzi, n'kuwakhazika pa njinga yawo.

Mphepo ya kumeneko ndi ina. Anaikoka ndi mphuno, maso ali chitsinzire. Kenako analoza ndi dzanja lamanzere chitunda china chimene chinali mbee, zitsa zokhazokha, zina zakuda ndi moto.

"Apo ndinadzala ine."

Ndinkati alira. Koma anangogwedeza mutu.

"Akolola. Paini ndi munda, amayi. Bola adzalenso."

Anati tiwachotse pamsewu, tiwalowetse pansi pa mitengo imene inatsala. Matayala ankatitimira m'masamba ouma a paini, mlamu akukoka kutsogolo, ine ndikukankha, dalaivala akuseka. Njinga ija sinagwedere ngakhale pang'ono. Titafika pamthunzi anandiuza kuti nditole masambawo ndiwaike m'dzanja lawo lakumanja. Ndinawaika, n'kupinda zala zawo ndi zanga. Anadikira, akuyang'ana dzanjalo.

"Sindikumva kanthu. Ikani kunoku."

Ndinawaika kumanzere. Anawafinya, n'kuwanunkhiza. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa litapendeka, akudya mabulosi, madzi ake akuyenderera pa shati yoyera ya kutchalitchi, ine osawapukuta.

Sitiroko yachiwiri inabwera mvula zoyamba zitangogwa. Ulendo uno sanalankhulenso. Anamwalira m'chipatala masana, ine nditagwira dzanja lomwe linkamva lija.

Tinakawaika kwawo, kupitirira Malosa. Ndinakhala kumudziko mpaka tsiku lometa litadutsa. Foni inali m'chikwama yozima, ndipo sindinaifune n'komwe. Nditabwerera ku Matawale ndinapeza njinga ili pamene tinaisiya tsiku lothamangira kuchipatala, pafupi ndi chitseko, buleki imodzi yomanga.

Tsiku limene ndinayatsa foni, mauthenga a pagulu paja anagwa ngati matalala. Ndinkati ndingotulukamo, koma ndinaona dzina langa. Mkangano uja unali utabukanso, ndipo chitsanzo ndinali ine. Bambo wina wogulitsa nsapato anali atajambula ndemanga ya mayi a ku Chikamveka n'kuiikanso pagulu.

"Taonani zimene timanena zija. Anawatamanda mpaka kuwapempherera, iwo zii mpaka lero."

Ena anathirirapo. Anati anthu ena n'ngosayamika. Anati woyang'anira gulu azichotsa anthu otere. Mtsikana wina amene sindimudziwa n'komwe analemba kuti amandidziwa, ndine wonyada ngakhale m'sitolo. Sindinawakwiyire kwenikweni. Sankadziwa, ndipo ndinalibe mphamvu zokwiyira munthu.

Chimene chinandigwetsa pansi chinali yankho la mayi aja. Analemba kamodzi kokha: "Alekeni amayiwo. Munthu amene akudwazika matenda sakhala ndi nthawi ya foni. Ine sindinalembe kuti andibwezere."

Akudwazika. Ndinawerenga mawu amenewo mobwerezabwereza. Anthu onse ondidziwa anali atandipepesa kale, onse ankanditchula namfedwa. Koma ku Chikamveka kunali munthu mmodzi amene m'maganizo mwake amuna anga anali moyo, atakhala pa kapilo ka maluwa achikasu, ine ndikuwamwetsa phala. Ndinalakalaka kuwasiya choncho mayiwo, asadziwe, kuti abambo apitirize kukhalako penapake.

Ndinayesa kulemba ndemanga ija masiku angapo. Ndikalemba kuti njinga ikugwira bwino ntchito, linali bodza, inali itaima. Ndikalemba kuti mwini wake anamwalira, inkasanduka uthenga wa maliro pakati pa mafiriji ndi nkhunda, ndipo ndinkadziwa kuti ena adzati njingayo ili ndi tsoka, yapha awiri, mayi aja osadzagulitsanso kanthu. Ndinkalemba n'kufufuta.

Pomaliza ndinawaimbira. Atangomva mawu anga anafunsa mosangalala kuti abambo ali bwanji. Ndinangoyamba kulira. Iwo anazindikira, kenako anati, "Mundilongosolere njira ya kwanu."

Anabwera tsiku lomwelo madzulo dzuwa lisanalowe, atanyamula kapaketi ka shuga. Tinakhala pamkeka pakhonde. Sanalankhule zambiri zija amalankhula anthu pamaliro. Tinalira, tinasiya, tinaliranso. Chitseko chinali chotsegula ndipo njinga inkaoneka. Ndinaona kuti akuyesetsa kusayang'ana kumeneko.

Ndinawapepesa chifukwa cha chipongwe chimene analandira pagulu chifukwa cha ine, ndipo ndinafunsa chimene anayambira kulemba, anthu onse akuti wogulitsa asayambe.

"Sindinkadziwa n'komwe kuti pali mkangano," anatero. "Inu mutakhota pakona paja, ndinabwerera m'nyumba, ndinaona pamene njinga inkakhala pali mbee. Miyendo inkafuna kukuthamangirani kuti mundibwezere. Ndiye ndinati ndilembe msanga pamaso pa anthu kuti yapita kwa munthu wabwino, kuti ndisathenso kusintha maganizo."

Ndinatenga foni pomwepo iwo akuona. Ndinalemba kuti: "Njinga ndinagula kwa amayi awa ndi yolimba, ndipo zonse anandiuza zinali zoona. Inakwera mpaka pamwamba pa phiri. Ndachedwa kulemba, vuto si iwo." Ndinawaonetsa ndisanatumize. Anagwedeza mutu. Patangopita kanthawi wogulitsa nsapato uja anayankha kuti, "Mwachedwatu mayi," ndipo pansi pake wina anaika chithunzi cha mbaula yamagetsi imene ankagulitsa. Nkhani inathera pomwepo.

Ndinawafunsa ngati akufuna kuitenga njingayo, poti kuno yatha ntchito. Anakana. Anati sangaione ikulowanso pakhomo pawo. Nanenso sindinathe kuiika pagulu. Ilipobe mpaka pano, ndinangoisunthira kuchipinda.

Powaperekeza tinayenda pang'onopang'ono mpaka kumsewu waukulu. Mitambo inali itatsika, phiri likuoneka theka. Anaima n'kuliyang'ana.

"Ndiye munakafikadi pamwamba? Ndi njinga yomweyo?"

Ndinati inde, mpaka pansi pa mitengo.

"Kumaoneka bwanji kumeneko?"

Ndinadabwa, chifukwa anabadwira mu Zomba momwemuno. Anati sanakwereko chibadwire. Mwana wawo ankaliona phirilo pawindo tsiku ndi tsiku, ndipo ankawavutitsa kuti adzapite naye akaone kumene mitambo imagona. Iwo ankamuuza kuti njinga singafike, msewu wake ndi woipa.

"Ndinkakhulupiriradi kuti singafike," anatero.

Minibasi inaima, kondakitala akuitanira. Sanakwere. Anati ndiwafotokozere kaye zonse, kuyambira pamene msewu umayambira kukwera. Tinakhala pamwala m'mbali mwa msewu, ndipo ndinayamba kuwauza za makona aja, za anyamata a mabulosi, za madzi a m'damu mmene amakhalira bata, iwo akumvetsera maso ali pansi.