Unagwadira Mwini Lole ku Lingadzi

Nabanda mwana wanga, chaka chakwana chitisiyire. Lero ndili m'minibasi kuchokera ku Old Town, ndaona lole yodzaza mchenga ikutuluka mumtsinje wa Lingadzi, pamalo otetezedwa amene unkalondera. Ndakumbuka tsiku lomwe ndinakubweretsera chinangwa kuntchito, n'kukupeza utaimitsa lole ya mkulu wina waimvi. Unagwada pamatope ndi yunifolomu yomwe, monga tinakulerera. Unati, "Agogo, pepani, mchengawu utsitsidwe. M'dziwe muno ndi moswera nsomba." Iwo anati, "Iwe mwana, ukundidziwa ine?" Unayankha, "Tidziwana mukatsitsa, agogo." Anaseka mpaka kutsokomola, anyamata awo n'kutola mafosholo.

Pamaliro ako mabwana a ku City Centre analonjeza kuti ntchito yako siifa. Mpaka lero sanatumizeko mlonda wina, ndipo dziwe lako lija okumba mchenga atsala pang'ono kulimaliza. Nditapita kuofesi kwa mabwanawo anandisiya pabenchi mpaka kuweruka, poti sinditha Chingerezi. Ndiye mawa ndikutenga kampando kanga, ndikakhale panjira ya malolewo. Usadandaule mwanawe, sindikakangana ndi munthu. Wofuna kudutsa ayambe wandinyamula.