Chitenje Chomwe Ndinabwereka Mnzanga wa ku Woodlands

Nthawi ya chipani chimodzi ija ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya atsikana mu Lusaka, ndikukhala ku Kabwata. Aphunzitsi a masamu ambiri anali ochokera ku India, ndipo mmodzi wa iwo, mayi wochepa thupi ndi wofatsa kwabasi, anakhala mnzanga. Ndinamukonda chifukwa ankandilola kulankhula mpaka nditatopa.

Loweruka lina ndinakamuchezera ku Woodlands atabadwa mwana wake woyamba. Pakhoma panali chithunzi cha mkazi ali pa hatchi, lupanga m'manja, mwana kumbuyo. Anandiuza kuti imeneyo inali mfumukazi ya kwawo yomwe inamenyana ndi Angerezi, ndipo amati adani atazinga linga lake inatuluka itabereka mwana. Anandifotokozeranso za ina yomwe inavutitsa zombo za Apwitikizi, ndi ina yamasiye yomwe inalamulira mwamtendere nikumbitsa zitsime. Akamanena za amayi amenewa mawu ake ankakwera pang'ono.

Ine pakamwa panga sipasunga kanthu. Ndinamuuza kuti kulimba mtima kwa mfumukaziyo sindikutsutsa, koma wojambulayo sanaberekepo mwana chibadwire. Nsalu inali lendelende, matako a mwana opanda chowagwira. Hatchi ikanangodumpha kamodzi, mwana akanatsala pansi.

Anaseka, kenaka misozi inalengeza. Mwana wake ankalira akangomuika pansi, wantchito anali atamulephera, ndipo makope a ana asukulu anali mulu osachongedwa. Apongozi ake aakazi, omwe anabwera kudzaona mdzukulu, anagamula kuti pobwerera ku India kutha kwa mwezi atenga mwanayo akamlere okha. Amuna ake anavomera. Iye sanafunsidwe.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinavula chitenje chomwe ndinamanga pamwamba pa diresi n'kumuuza kuti awerame. Anakana, ati amaopa kugwetsa mwana, komanso anzake akamuona adzati wasanduka wantchito.

"Ba madamu, muyopa chani?" ndinatero. "Sazagwa. Ise tonse tinakulila pamusana."

Tinayamba ndi pilo. Ankaiwala kupinda nsalu pansi pa matako, ndipo pilo anagwa kangapo konse. Titafika pa mwana weniweni ndinamukokera nsalu kudutsa paphewa ndi kunkhwapa, mfundo ndinamangira pachifuwa. Anayenda kuchoka pakhomo kufika pa mtengo wa mapeyala, pobwerera mwana anali atagona. Chitenjecho ndinamusiyira.

Apongozi sanasinthe maganizo. Ankati mwana kugona si nkhani, nkhani ndi yoti wakhanda aleredwe ndi akuluakulu.

Tsiku la ulendo mnzangayo anandipempha kuti ndibwere, ati sakanatha kutsanzikana ndi mwana ali yekha. Ndinafika m'mawa. Galimoto inali pabwalo, masutikesi atalongedwa, kachikwama ka matewera kali pampando. Iye anatuluka komalizira atavala sari yake, nsalu yodzikulunga ya ku India ija, pamwamba pake chitenje changa, mwana ali kumbuyo. Mfundo anamanga ziwiri.

Apongozi anatambasula manja. Iye anangoima. Amuna ake analankhula naye m'chinenero chawo, poyamba mofatsa, kenaka mokalipa, akuloza wotchi. Mnzangayo sanathawire m'nyumba. Apa m'pamene ndinaona chinthu chomwe ine mwini wake, wobereka ana atatu, sindinachilingalirepo. Mwana wa m'manja amalandidwa mosavuta, koma wa kumbuyo mfundo yake ili pachifuwa pa mayi wake. Wofuna kumutenga ayenera kugwira mayiyo ndi kumumasula mokakamiza, anthu akuona. Panali woyendetsa galimoto, panali ine, ndipo panalibe wofuna kuchita zimenezo.

Apongozi anazungulira kumbuyo kwake, nayang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali. Anamugwira kaphazi kotulukira m'chitenje, nalowa m'galimoto osatsanzika. Ndinawamvera chisoni, pakuti nawonso ankamukonda mwanayo.

Galimoto itatuluka pachipata, mnzanga anakhala pansi pakhonde. Ndinati andipatse mwana apumuleko. Anagwira mfundo ija ndi manja onse awiri, nandiyankha m'Chinyanja chake chothyokathyoka.

"Iyayi. Ngakhale imwe, lelo iyayi."