Nkhosa imene inkabwera ndikaitana

"Anzanga, khola labwinobwino ili mukuunjikamo nkhuni? Bwanji osagula ngakhale timbuzi tiwiri?"

Anandifunsa choncho mayi a nyumba yoyandikana nafe, amene abwera kuno ku Lupembe chaka chathachi. Ndinaseka, n'kunena kuti mbuzi zimangoputa milandu m'minda ya chinangwa ya eni. Koma atapita ndinakhala pakhonde, mwana ali kubere, maso ali pakholapo.

Munkagona nkhosa zisanu ndi imodzi m'menemo, ndipo sizinali zathu. Zinali za anthu ofufuza matenda ku Boma. Alamu anga ankalondera kumeneko, ndiye atamva kuti akusowa malo a msipu anatchula mkulu wawo, bambo a kunyumba kwanga. Ine n'kuti nditangokwatiwa kumene. Kudyetsa ndi kumwetsa kunagwera ine.

Pakatha masabata awiri kunkabwera galimoto yoyera. Munkatsika mayi wina wa ku Dedza, wamfupi, woseka mokweza, atanyamula bokosi la madzi oundana. Ankameta pang'ono pakhosi pa nkhosa imodzi, kupaka mankhwala, kubaya singano, magazi n'kumatsikira m'botolo. Tsiku loyamba anthu anaima patali kumanong'onezana za anamapopa. Mayiwo anawaitana onse, n'kuwaonetsa kambale kagalasi momwe munali zofiira zolimba ngati phala lozizira.

"Uwu ndiye munda wathu," anatero. "Mwana akadwala matenda osamva mankhwala, tizilombo ta m'thupi mwake timatidzala apa. Tikamera, timadziwa mankhwala oti amuchize."

"Ndiye nkhosa nazonso zalembedwa ntchito m'boma?" anafunsa apongozi anga aakazi. "Penshoni zidzalandira?"

Anthu anafa nacho chiseko, za anamapopa zinathera pomwepo.

Lamulo lawo linali lomveka. Imene yapereka magazi ankaipaka penti pamphumi, ndipo osaikhudzanso mpaka zinzake zonse zitalawako singano. Yodwala ayi, ya bere ayi. Mayi aja anandibwerezera kawiri, ine n'kuvomera kuti yewo.

Mwa zonsezo inalipo yaikazi imodzi yodulika khutu, galu anailuma ili yaing'ono. Ndikamasenda nthochi zophika ndi nyama, zija kuno amati mbalagha, inkaima pakhomo la khitchini kudikira makoko. Ndikamapita kumjigo inkanditsatira, azimayi kumandiseka kuti ndabereka mwana wa miyendo inayi ndisanaone wa iwiri. Masiku amenewo ndimawakumbukabe. Ndinali mlendo pamudzi, mawu anga anali ochepa, ndipo nkhosayo ndi imene inkamva nkhani zanga zonse. Tsiku lake la singano likafika ndinkaika mutu wake pachitenje panga n'kumaikanda kuseri kwa khutu lotsalalo. Sinkaponda n'komwe. Mayi a ku Dedza ankati, "Iyi yokha ndiye inabatizidwa."

Mvula itayamba zinthu zinasintha. Bambo ankalawirira kumunda wa mpunga, pakhomo n'kutsala ndekha. Nkhosa nazo zinali zitachenjera: zikangomva kulira kwa galimoto ija, zonse liwiro kubango la kudambo. Penti ija mvula inkatsuka. Tsiku lina dalaivala anazithamangitsa mpaka kugwa chagada m'matope, nadzuka akutukwana m'Chiswahili. Ine ndinamva chisoni. Ndinatenga makoko a nthochi n'kuitana, ndipo yanga ija inatuluka m'bango ikubwera yokha.

"Achemwali, iyi sitinaitenge ulendo watha?" anafunsa mayi aja.

"Zimafanana, mayi," ndinayankha.

Ndinkaganiza za ana odwala aja, ndi za mtunda umene galimoto yayenda. Koma ndinene zoona: ndinkakondanso kutamidwa kuti nkhosa zimandimvera. Anaitenga magazi maulendo anayi otsatizana. Sinathawe ngakhale kamodzi, chifukwa woigwira ndinali ine. Kuti ili ndi bere sindinadziwe, mimba inali isanaoneke.

Nthawi imeneyo nanenso ndinali woyembekezera. Kusikelo anamwino ananditsitsa chikope n'kunena kuti magazi achepa, ndizidya masamba ndi kumwa mapilitsi ofiira. Pobwerera ndinapeza nkhosa yanga itagona pamthunzi, zinzake zili kudya. Ndinagwada, n'kuitsitsa chikope monga anandichitira ine. Munali moyera ngati ufa wa kondowole.

Galimoto itabweranso ndinaulula zonse ndisanapereke ndi mpando womwe. Mayi aja anavula magolovesi, nakhala pamtondo.

"Achemwali, mukanandiuza. Kubwerera chimanjamanja si mlandu." Kenaka anawonjezera kuti, "Koma nanenso ndalakwa. Khutu ili ndinkaliona ndi maso angawa, n'kumadalira penti."

Tsikulo sanabaye iliyonse. Mawa lake anatumiza dokotala wa ziweto ndi mankhwala, ndiponso mchere wonyambita. Ndinkaiphikira madeya, kuithyolera masamba a mbatata, kuimwetsa ndi kapu. Inkadya pang'ono, ngati ikungondilemekeza. Patatha sabata inapoloza, tiana tiwiri topanda ubweya. Patatha masiku ena atatu ndinaipeza m'mawa itauma pakhomo la khola. Apongozi anati nyama isawonongeke. Ine sindinadye.

Zotsalazo anadzazitenga. Ndinamva kwa alamu kuti anazimangira khola ku Boma komweko, iliyonse ndi nambala yake pakhutu, yoti mvula singatsuke.

Ntchito ija sindiinena kuti ndi yoipa. Mwana wangayu anatentha thupi koopsa ali ndi miyezi isanu ndi itatu, kuchipatala anamutenga magazi, patapita masiku anasintha mankhwala ndipo anachira. Ndili m'wodimo ndinkaganiza za kambale kofiira kaja. Mwina ndi imodzi mwa zothawa zija imene inamuthandiza. Chimene chimandiwawa n'chakuti chiweto sichinena kuti lero ndatopa. Wochinenera ndi amene amachidyetsa, ndipo ine pamene ndinafunsidwa ndinati zimafanana.

Zisanu zimene zinkathawira kubango zinakwera galimoto zili zonenepa. Zotayika zinali zitatu: nkhosa imodzi yodulika khutu, ndi tiana take tiwiri.